Phewa la Noria

Tsiku limene Isake Mwale anadutsa mizati isanu ndi iwiri osagwira waya, anakuwa mpaka mbuzi zimene zinkadya udzu m'ming'alu ya simenti zinabalalika.

"Mwaona? A Noria, mwaona kodi?"

"Ndaona kugwako," anatero Noria, atatsamira khasu kuseri kwa mpanda. "Lero mwagwa bwino. Dzulo munagwa ngati thumba la feteleza."

"Isanu ndi iwiri, mayi! Werengani nokha!"

"Isanu ndi umodzi. Womalizawo mwaudutsa muli m'malere."

Isake anadzuka akuseka, nasasa fumbi pa ovololo. Anali ndi zaka 51, imvi zitayamba m'ndevu, ndipo chimene chinamugwetsacho chinali njinga ya tayala limodzi: tayala, zopondera ziwiri, chishalo pamwamba, basi. Chiwongolero panalibe, mabuleki panalibe. Anaipanga yekha, poti anali mmisiri wa makina ku fakitale ya zitsulo ya ku Redcliff, ku Zimbabwe, isanatseke. Zotetezera miyendo anazidula ku lamba wakale wa makina. M'mawa uliwonse, kwa miyezi isanu, ankabwera nayo pa bwalo la tenisi limene kampani inasiya kuseri kwa komboni ya Rutendo, n'kumayenda pang'onopang'ono atagwira waya wa mpanda.

Njinga yotere anaiona koyamba pa foni, m'chipatala, masiku amene mkazi wake Chiedza ankadwala. Anamuonetsa kavidiyoko kuti nthawi ipite. Chiedza anaseka mpaka kutsokomola, nati, "Iwe ungathyoke mano." Sanasekenso pambuyo pake. Maliro atatha, anthu atatenga mapoto awo n'kubwerera kwawo monga amachitira anthu, Isake anayesa kukwera njinga yake yakale, imene kwa zaka 24 ankanyamulirapo Chiedza popita kutchalitchi. Anangofika pa ngodya. Kaliyala wopanda munthu ankamulemera kuposa mmene ankalemerera Chiedza ali wonenepa. Anabwerera, natenga sowo, naidula pakati.

"Tabwerani ndi phewalo," anatero Isake tsopano, akuimika tayala pa geti. "Lero ndikufika pa jakaranda."

"Phewa langa si la kampani, a Mwale. Silibwerekedwa tsiku ndi tsiku."

Koma anali akupukuta kale manja pa chitenje.

Waya unkathera pa geti. Kupitirira apo kunali msewu wa phula lakale wopanda chogwira chilichonse, ndipo anthu a m'mavidiyo ankati wophunzira akatopa ndi mpanda apeze mnzake womubwereka phewa. Isake analibe mnzake wotero. Anzake a ku fakitale ena anali ku Joni, ena m'mayenje a golide, ena kumanda. Noria, mayi wamasiye wa zaka 46 amene ankalima repu ndi tomato pafupi ndi paipi yodontha kuseri kwa bwalolo, ndi amene anatopa kumuonerera akukwawa ndi waya ngati buluzi. Masabata atatu apitawo anaponya khasu pansi nati, "Gwirani apa tione." Kuyambira pamenepo m'mawa unayamba kufulumira kucha.

Isake anakwera, dzanja lamanja lili pa phewa la Noria. Ananyamuka.

"Musayang'ane pansi," anatero Noria akuyenda pambali pake. "Pansi palibe chimene mwataya. Khalani pa chishalo, musaimirire. Si inu nomwe mumandiuza zimenezi?"

"Ndikukhala."

"Mukundifinya. Zala ziwiri zokha."

Anasiya zala ziwiri. Ankamva fungo la sopo ndi la masamba a tomato. Tayala linkalira pa phula, jakaranda akuyandikira, akuyandikira, mpaka anamudutsa osadziwa.

"Tadutsa! A Noria, tadutsa!"

Ndi pomwe galimoto yotuwa inaima pambali pawo. Zenera linatsika, ndipo chinayamba kutuluka ndi foni, nkhope pambuyo. Anali a Nehemiya Kachale, mkulu wa mpingo kutchalitchi kwawo, mwini sitolo ya misomali ndi penti, nawonso ofedwa. Kwa chaka chathunthu galimoto imeneyi inkapezeka mwangozi paliponse pamene Noria ankadutsa.

"Mangwanani, achinyamata," a Nehemiya anawapatsa moni wa m'mawa m'Chishona. "Ndi gule wanji ameneyu, a Mwale? Makolo athu makanja anawasiya ku migodi, inu mwawaikira tayala?"

"Ndi masewera olimbitsa thupi, akuluakulu."

"Ndikuona. Olimbitsa awiriawiri." Anatembenukira kwa Noria, mawu atafewa. "Mayi, kwerani ndikakusiyeni kumsika. Inoyi ili ndi matayala anayi, lina la sipeya kumbuyo."

"Zikomo, abambo," anatero Noria. "Ine zinthu za matayala ambiri ndimaziopa. Likaphwa sudziwa kuti ndi liti."

Isake anaseka. Ndipo munthu sangaseke ali pa tayala limodzi. Anagwera mu ngalande, miyendo m'mwamba, akusekabe.

* * *

Masana omwewo a Enala, mlongo wake wamkulu wa Isake, analowa pa geti osaodira. Ankakhala misewu iwiri kuchokera pamenepo, ndipo chimwalirireni Chiedza ankabwera kawiri pa sabata kudzaona ngati mlongo wawo akudya. Lero sanabwere ndi mbale. Anabwera ndi foni m'manja, ataitambasula kutsogolo ngati chinthu chonunkha.

"Isake, khala pansi."

"Ndili pansi kale, achemwali." Ankamanga masipoko pakhonde.

Anamuonetsa. Kavidiyoko kanali pa gulu la WhatsApp la kutchalitchi: iye ali pamwamba, dzanja pa phewa la Noria, onse awiri akumwetulira ngati ana a sukulu. Pansi pake a Nehemiya analemba kuti, *Tiwakumbukire m'mapemphero abale athu.*

"Koma ndayenda bwino pamenepa," anatero Isake. "Taonani msana mmene wawongokera."

"Usandipusitse. Chiedza wagona miyezi khumi ndi inayi. Wasudzulidwa iwe?"

Isake anayang'ana sipanala.

"Ndikufunsa. Abale ake anabwera, anakhala pansi, ananena pamaso pa anthu kuti mwana wathu wapita, inu alamu mwamasuka, kakwatireni kumene mtima ukufuna? Ananena?"

"Sananene."

"Ndiye ndiwe mwamuna wa Chiedza. Mpaka lero."

"Ndangogwira phewa, achemwali."

"Phewa ndi la munthu, munthuyo ndi mkazi, mkaziyo si wako. Bambo athu anayenda pansi kuchokera ku Dedza kudzagwira ntchito m'migodi muno. Amayi atamwalira anadikira zaka ziwiri mpaka amalume anabwera pa sitima kudzawamasula. Zaka ziwiri akudziphikira okha! Iwe wabadwira ku Zimbabwe ndiye waiwala kuti ndiwe mwana wa ndani? Za chidole chakochi sindinenanso, anthu anazolowera kuti chisoni chinakuzunguza mutu. Koma Noria ndi mlembi wa amayi kutchalitchi. Lachinayi akamukhazika pakati."

Apa Isake anaika sipanala pansi. Za iye mwini sizinkamupweteka. Munthu amene anaonerera bokosi la mkazi wake likutsika saopa kusekedwa. Koma Noria kumukhazika pakati?

A Enala anakhala pa sitepe, mawondo akulira.

"Ukumufuna?"

Isake anazunguza tayala ndi chala, naliyang'ana mpaka linaima.

"Ndikamugwira sindigwa, achemwali."

"Mhh." A Enala anapukuta m'maso ndi nsonga ya duku, mwaukali, ngati mwalowa kachitsotso. "Ndiye imbira Enoch ku Mvuma. Ndiye mlongo wa malemu, ndiye mwini mawu."

"Koma aja ndi Ashona. Zosudzula amazidziwa?"

"Mtundu uliwonse umamasula munthu. Ungamumange mwamuna pa manda moyo wake wonse? Imba. Koma tamvera: usatchule dzina la mkazi. Ukatchula, wawauza kuti unayamba kale mwana wawo asanatsanzikidwe, ndipo umenewo ndi mwano pa manda. Ungoti ukufuna kukwatiranso. Zinazo akudziwa okha."

* * *

Uthenga wa Noria unalowa dzuwa likupendeka.

*Mwaiona?*

*Ndaiona,* analemba Isake. *Ndaonekamo bwino kuposa mmene ndimaganizira.*

*Musaseke a Mwale. Amayi abusa andiimbira kawiri.*

*Pepani. Ndakulakwirani.*

*Simunandikoke. Ndinabwera ndekha. Koma mawa musandidikire. Phewa ndatseka.*

Isake anawerenga katatu. *Mpaka liti?*

*Mwamuna wanga atamwalira, abale ake anandisudzula bwinobwino anthu akuona. Ndinatuluka osazolika. Sindingalowe pakhomo pamene mnzanga sanatsanzikidwe. Chiedza tinkaimba naye kwaya.*

*Nanga akandimasula?*

Foni inaonetsa kuti Noria akulemba. Inasiya. Inayambanso. Isake anaimirira, nakhala, naimiriranso.

*Muyambe mwaphunzira kukwera nokha osagwira munthu. Zinazo tidzaona.*

Asanayankhe, unalowanso wina. *A Nehemiya abwera kuno ndi nkhuku. Akuti adzandipepese, vidiyo inatumizika yokha.*

*Mwalandira?*

*Nkhuku sinalakwe kanthu.*

Isake anayang'ana foniyo ngati aiponye pa khoma. Kenaka anafufuza nambala ya Enoch.

* * *

"Tsano!" anakuwa Enoch, monga Ashona amaitanirana paulamu. Kumbuyo kwake kunkamveka chigayo cha miyala ya golide. "Muli moyo? Tinamva kuti mwayamba kuyenda pa theka la njinga!"

"Nkhani zimathamanga, tsano."

Anafunsana za mvula, za miyendo ya apongozi, za mbuzi. Isake ankalankhula Chishona bwino kuposa Chichewa cha makolo ake, koma lero mawu ankamuthawa m'zinenero zonse ziwiri.

"Tsano, ndili ndi nkhani. Chiedza sindidzamuiwala, mukudziwa. Koma nyumba ino yakula. Ndikufuna kukwatiranso. Ndiye ndati sindingachite kanthu inu eni ake musananene."

Enoch anaomba m'manja, foni ataipana ndi phewa.

"Hekani! Mwachita zaulemu, tsano. Ena amangotola mkazi pamsewu, ife n'kudzamvera kwa anthu. Mawu amenewa takhala tikuwadikira. Amayi akamva alira ndi chimwemwe. Loweruka tikubwera, tidzakonze zonse mwamwambo."

"Loweruka lino?"

"Lomwe lino. Tichedwerenji?"

Isake anatsitsa foni. Anayang'ana chithunzi cha Chiedza pamwamba pa kabati, chija anajambulitsa atavala juzi yobiriwira.

"Abale akowa ndi anthu abwino," anamuuza.

* * *

Anatsala ndi masiku anayi, ndipo onse anawathera pa chinthu chimodzi: kukwera osagwira kanthu. Umaika chishalo pakati pa miyendo, chopondera chimodzi chili kumbuyo, phazi pamenepo mopepuka ngati waponda dzira, ndiye n'kudumpha ndi mwendo winawo. Ukaponda mwamphamvu, tayala limathawira pansi pako ndipo chopondera chinacho chimakumenya pa msongolo. Lachiwiri anayesa ka makumi asanu ndi atatu, nakwera kamodzi. Lachitatu lamba wa makina uja anang'ambika, magazi akuyenderera m'sokosi. Kuseri kwa mpanda Noria ankapalira repu atamufulatira. Koma Isake anaona kuti mzere umodzi womwewo anaupalira masiku atatu.

Lachinayi amayi a kutchalitchi anakhaladi. A Enala anaimirira nati nkhaniyo ili m'manja mwa akuluakulu, ikonzedwa Loweruka, ndipo amene akufuna kupempherera anthu ayambe ndi ojambula anzawo m'misewu. Nkhani inaimitsidwa kaye. Tsiku lomwelo Isake anakwera kasanu motsatizana.

Lachisanu m'mawa anavala shati yoyera. Sanapite ku bwalo. Anaika tayala pa phula kutsogolo kwa geti lake, napuma kamodzi, nadumpha.

Linagwira.

Anatsika nawo msewu manja atatambasula, mphepo ikulowa m'shati. Anadutsa nyumba ya a Enala, amene anagwetsa tsache. Anadutsa pa mjigo, amayi n'kusiya zidebe, wina n'kuyamba nthungululu, ena onse n'kulandira. Anazemba dzenje loyamba, nazemba lachiwiri, lachitatu analowamo n'kutulukamo ali chikhalire, ndipo anamva mawu ake omwe akukuwa, "Ee! Ee!" Kombi inamupitirira, kondakitala atatulutsa thupi pa chitseko, akumukuwira monga Ashona amaitanira agogo.

"Sekuru! Akuberani theka la njinga!"

"Andisiyira labwino!"

Miyendo inkayaka moto. Kumanzere, patali, machumuni a fakitale anali chiimire, ofiira ndi dzimbiri, opanda utsi, monga ankaimira tsiku lililonse kukumbutsa amuna a ku Rutendo kuti ntchito yawo inatha. Lero Isake sanawayang'ane kawiri. Anali pamwamba kuposa mipanda ya anthu, akuona mapapaya ndi zovala zoyanika m'mabwalo a eni, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokereni kumanda anamva kuti thupi lake likadali lake.

Benchi limene Noria ankagulitsirapo ndiwo zake linali pakati pa msika, pamene makombi a ku Kwekwe amadikirira anthu. A Nehemiya anali pomwepo, atanyamula mpukutu wa repu umene anakhala akuusankha kwa theka la ola. Noria anakweza mutu, naona shati yoyera ikubwera pamwamba pa mitu ya anthu, nagwira pakamwa.

Apa ndi pamene Isake anakumbukira chinthu chimodzi. Kukwera anaphunzira. Kuyenda anaphunzira. Kuima pamalo amodzi ali pamwamba anali asanaphunzire, ndipo akatsika, pamaso pa anthu onsewa, ndani akudziwa ngati angakwerenso? Anakhota, nayamba kuzungulira benchilo.

"A Noria!" anatero podutsa kutsogolo. "Ndakwera ndekha!"

Anazimirira kuseri kwa matumba a mbatata, natulukira mbali inayo.

"A ku Mvuma akubwera mawa!"

Anazunguliranso. Ogulitsa anzake a Noria anali ataimirira.

"Kudzandimasula!"

"Taimani tilankhule ngati anthu!" anatero Noria.

"Kuima sindinaphunzire!"

Msika wonse unaphulika ndi phwete. A Nehemiya anabwerera m'mbuyo kuti tayala lisawaponde nsapato.

"Lamulungu likadutsa," anatero Isake, mpweya ukumuthera, "ndikufuna kutumiza ankhoswe." Mbatata, kabichi, mayi wa mazira. "Kwanu!" Mbatata, kabichi. "Ngati mulola!"

"A Mwale, mulibe manyazi?"

"Anathera mu ngalande!"

"Yankhani, mai, munthu angafe!" anakuwa mayi wa mazira.

Noria anapinda manja, akulimbana ndi milomo yake kuti isamwetulire. "Zungulirani katatu ndiganize."

Anazungulira. Amayi a pamsika ankawerenga mokweza, ena m'Chishona, ena m'Chichewa. Kachitatu Noria anayang'ana pansi, nakonza mulu wa tomato umene unali wokonzakonza kale.

"Achimwene anga amakhala ku Mkoba," anatero motsitsa. "Ankhoswewo akafike kumeneko. Koma akumasuleni kaye."

Isake anamva. Miyendo inaiwala ntchito yake, tayala linapita kwake, iye n'kutera chagada pa matumba a mbatata, akuyang'ana kumwamba, akuseka, misozi ikulowa m'makutu.

A Nehemiya anabweza repu uja pa benchi. "Wafota," anatero, napita ku galimoto yawo.

* * *

Loweruka Isake anadzuka kusesa bwalo limene anasesa kale dzulo lake. Njinga anaibisa kuseri kwa chitseko cha kuchipinda. A Enala anabwera ndi mpunga ndi makapu a alendo, ndipo pambuyo pawo panali Noria, atavala duku la ntchito.

"Wabwera kudzandithandiza kuphika ngati mnansi," anatero a Enala. "Palibe amene angafunse. Amve ndi makutu ake, asadzamvere kwa anthu. Iwe usamuyang'ane."

Isake sanamuyang'ane, kupatula kawiri.

Alendo anatsika kombi dzuwa lili pamutu. Enoch anali patsogolo, wamfupi, wa jekete lalikulu. Kenaka azakhali awo okalamba, akuyendera ndodo. Pambuyo penipeni panali mayi wina akukoka sutukesi yaikulu, atavala juzi yobiriwira ija.

Anali Runyararo, mng'ono wake wa Chiedza. Juziyo anailandira pogawana zovala za malemu. Anali ndi zaka 38. Mwamuna wake anapita ku Joni kalekale osatumizanso ngakhale moni. Kale sankafanana kwambiri ndi mkulu wake. Koma anali ataonda, ndipo kuondako kunatulutsa masaya omwe aja.

"Makadii, babamukuru," anapereka moni wa Chishona kwa mlamu wake, akugwada pang'ono. Ngakhale mawu anali omwewo.

"Tiripo, mainini," anayankha Isake, kumuitana monga Ashona amaitanira mng'ono wa mkazi. Ananyamula sutukesiyo. Inali yolemera. Anaganiza kuti ndi mtedza ndi mbatata, poti a ku Mvuma sabwera chimanjamanja.

Anakhala pabalaza. Anaomba m'manja, nafunsana za ulendo. Kukhitchini, kuseri kwa katani, madzi a tiyi ankawira. A Enala anatsegula nkhani ndi Chishona chawo chokhotakhota: kuti mlongo wawo wasunga maliro mwaulemu, kuti wabwera kwa eni ake, kuti mawu ali kwa iwo.

Enoch anakonza jekete, nkhope ikuwala.

"Tsano, ndilankhula mwachidule. Munasunga mlongo wanga zaka 24 osamukweza dzanja. Atadwala munkamusambitsa nokha, anamwino akudabwa. Amayi anati, mkamwini wotere sitingamutaye. Ndiye mutaimba tinakhala pansi banja lonse. Kwathu, mkazi akamwalira, mng'ono wake amabwera kudzadzutsa mafuwa a mkulu wake kuti moto usazime pakhomo. Timamutcha chimutsamapfihwa." Anatambasula dzanja. "Mwapempha mkazi. Nayu Runyararo. Zovala zake ndi zimene mwanyamulazo."

Azakhali aja anaimba nthungululu yaing'ono, yonjenjemera.

Kukhitchini chivundikiro chinagwa, chinazungulira pa simenti, n'kukhala chete.

"Pepani," anatero a Enala, mawu atachepa. "Mwina sitinamvane. Ife timayembekeza kusudzula."

"Chimenecho n'chiyani, amai?"

"Kumumasula. Kuti munene pamaso pathu kuti wamasuka, akakwatire kumene akufuna. Ndiwo mwambo wa kwathu."

Kumwetulira kwa Enoch kunazima pang'onopang'ono. Anayang'ana azakhali ake, nayang'ana Isake.

"Kumene akufuna," anabwereza. "Kwathu zimenezo kulibe. Mkamwini wabwino timamupatsa, sitimuthamangitsa. Pokhapokha ngati..." Anawerama kutsogolo. "Tsano, mundiuze zoona. Pali wina kale? Mwala wa pamanda a mlongo wanga sitinauvundukule n'komwe. Ngati munayamba kale kuyenda ndi wina, nenani, tinyamuke, ndipo kumandako tidzapita tokha."

Isake anatsegula pakamwa. Dzina linali pa lilime. A Enala anamuponda phazi pansi pa tebulo, mwamphamvu.

"Babamukuru," anatero Runyararo, maso ali pa manja ake. "Musaganize kuti andikakamiza. Ndavomera ndekha. Sisi Chiedza anandigwira dzanja m'chipatala muja, inu mutapita kukagula mankhwala. Anati, usadzamusiye yekha, sadziwa ngakhale pamene pamakhala mchere." Anakweza maso, ali ndi misozi. "Ndinalonjeza."

Katani inasuntha. Noria analowa ndi thireyi, msana uli chiwongokere. Anagwada pafupi ndi tebulo monga amachitira mnansi wodzathandiza, nathirira azakhali, nathirira Enoch, nathirira a Enala. Kapu ya Isake anaidumpha. Anathira yomaliza mosamala, osataya ngakhale dontho, naipereka kwa Runyararo ndi manja awiri.

"Shuga masupuni angati, mayi a pakhomo?"